Mphoto ya woyendetsa wachinyamata si lonjezo la ukatswiri

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva zoti wachinyamata akalandira mphoto pa mipikisano ya liwiro la galimoto, basi ukatswiri wa dziko lonse ukumudikira. Nkhani imeneyi yanditopetsa.

Mphoto imaonetsadi kuti mwanayo ali ndi luso, palibe akukana. Koma imayeza zomwe anachita pa msinkhu umenewo, m'galimoto imeneyo, polimbana ndi anzake a nthawi imeneyo. Akamakwera, galimoto zimakhala zamphamvu kwambiri, matayala amafuna kusamalidwa mwa njira ina, ndipo aliyense wopikisana naye anapambanapo kwinakwake. Ndalama nazo zimasankha anthu. Mipikisano ya achinyamata ndi yodula zedi, moti waluso wopanda omuthandiza amatha kusiyira panjira. Pamwamba penipeni, mu Formula 1, mpikisano waukulu kwambiri wa galimoto padziko lonse, timu iliyonse ili ndi mipando 2 yokha ya oyendetsa, ndipo oikhalira sachokapo msanga.

Chomwe chimatipusitsa n'chakuti timakumbukira opambana amene anadzatchuka, enawo timangowaiwala.

Mungathe kufufuza nokha. Pezani pa intaneti mndandanda wonse wa olandira mphoto imodzi kwa zaka 10 kapena 15, osati mayina otchuka okha, ndipo tsatani aliyense komwe anathera. Kenako tembenuzani: tengani akatswiri a lero muone angati anailandirapo. Onaninso ngati mphotoyo inabwera ndi ndalama kapena mwayi woyesa galimoto yapamwamba, chifukwa mwina zimenezo n'zomwe zinakweza woilandirayo.

Musanachite zimenezi, chonde musatumizire ena zoti wakutiwakuti ndi katswiri wa mawa.