Linki yachinyengo ikadinidwa, nkhani siyinathe

Pa 23 Disembala 2019, Khirisimasi ili pakhomo, maseva (makompyuta akuluakulu osunga imelo ndi mafayilo) a yunivesite ya Maastricht ku Netherlands anatsekedwa ndi mbava pogwiritsa ntchito pulogalamu yolanda yotchedwa Clop. Imelo zinaima, mafayilo sanatsegukenso, ndipo yunivesiteyo inalipira dipo la mabitcoin 30 (ndalama za pa intaneti), pafupifupi mayuro 200,000 pa nthawiyo. Chimene ndimafuna kuti anthu azichigwira pa nkhaniyi si ndalamazo ayi, koma nthawi. Mbavazo zinalowa mu Okutobala kudzera mu imelo zachinyengo, n'kukhala m'netiweki miyezi iwiri zikufufuza mwakachetechete zisanachite chiwembucho.

Miyezi iwiriyo ndiyo imandichititsa kukayikira mmene masukulu ambiri a ukachenjede amaphunzitsira za chitetezo. Amapachika mapositala olembedwa kuti "Musadine linki zokayikitsa", amaitana anthu ku msonkhano kamodzi pachaka, basi. Koma pamalo pamene pali anthu masauzande, ndipo chaka chilichonse pakubwera atsopano ndi mafoni ndi malaputopu awoawo, wina adzadina ndithu. Funso lenileni ndi lakuti: akadina, adzauza ndani, ndipo adzanena patapita nthawi yaitali bwanji?

Ambiri sanena. Wophunzira amaopa kuti amutsekera akaunti mayeso ali pafupi. Mphunzitsi wamkulu amachita manyazi kukavomera kwa mnyamata wa ku ofesi ya ICT, yoona za makompyuta, kuti wapusitsidwa. Choncho onse amangoti zii, wakuba n'kupeza mpata. Sukulu yofuna chitetezo iyenera kukhala ndi adiresi imodzi kapena nambala imodzi yodziwika kwa aliyense, ndipo wonena azithokozedwa, osati kukalipiridwa. Nawonso olandira malipotiwo aziyankha, chifukwa munthu akanena kawiri osamva kanthu, kachitatu sadzavutikanso. Masukulu ena amatumiza dala imelo zabodza poyesa anthu awo. Zimenezi zili bwino, koma mukayamba kuulutsa mayina a amene agwa m'msamphawo, mwawaphunzitsa kubisa.

Tisaganizenso kuti ophunzira okha ndiwo amapusitsika. Mu 2018 boma la America linaimba mlandu anthu 9 a ku Iran ogwirizana ndi bungwe la Mabna Institute, ponena kuti anathyola maakaunti a aphunzitsi pafupifupi 8,000 m'mayunivesite oposa 300 a m'mayiko osiyanasiyana, n'kuba zolemba zoposa materabaiti 31. Nyambo yake inali yosavuta. Imelo inkabwera ngati yochokera kwa mphunzitsi wa sukulu ina, yoyamikira kafukufuku wa wolandirayo, ndipo munali linki yopita ku tsamba looneka ngati la yunivesite yake yomwe, lopempha dzina ndi pasiwedi. Ndani safuna kumva kuti ntchito yake yawerengedwa?

Wophunzira amakodwa ndi nyambo zina: uthenga wakuti zotsatira za mayeso zatuluka, wakuti wapeza thandizo la fizi, wakuti akaunti yake itsekedwa mawa akapanda "kutsimikizira". Mbava zimadziwa kalendala ya sukulu, ndiye chenjezo nalonso lizitsatira kalendala yomweyo. Lizituluka sabata yolembetsa ndi sabata ya zotsatira, lalifupi, losonyeza chithunzi cha uthenga wabodza weniweni ndi pamene pali bodza: adiresi ya wotumiza yosiyana ndi ya sukulu ndi chilembo chimodzi chokha, kapena mawu okufulumizitsa kuti usaganize. Lizinenanso poyera kuti ofesi ya ICT sidzakufunsani pasiwedi, kaya pafoni kaya pa imelo.

Za pasiwedizo, chizolowezi chokakamiza anthu kusintha miyezi itatu iliyonse chinatha ntchito. Bungwe la boma la America loona za miyezo ndi luso lamakono, lotchedwa NIST, linalangiza mu 2017 kuti pasiwedi isinthidwe pakakhala umboni wakuti yabedwa, chifukwa okakamizidwa amangowonjezera nambala kumapeto kwa yakale. Chothandiza kwambiri ndi pasiwedi yaitali yosagwiritsidwa ntchito kwina, ndi chitsimikizo chachiwiri cha pafoni, monga nambala yapadera imene mumalemba kuwonjezera pa pasiwedi polowa mu akaunti. Ndipo wopatsa mnzake pasiwedi kuti amulembetsere makosi adziwe kuti wapereka ndi imelo yomwe, ndiponso kuti chilichonse chochitidwa pa akauntiyo chidzalembedwa m'dzina lake.

Mukazindikira kuti mwalemba pasiwedi patsamba labodza, isintheni nthawi yomweyo, ndi kwina kulikonse kumene munaigwiritsa ntchito. Ngati munatsegula fayilo, chotsani kompyutayo pa netiweki. Imeloyo musaifufute: a ICT aifuna kuti aone ena amene alandira yofanana nayo.