Mankhwala azitsamba a ku China ndi matenda a chiwindi: zimene kafukufuku wapeza

Pafupifupi chilichonse chimene munthu wameza, kaya ndi nsima, mowa, piritsi la kuchipatala kapena madzi owiritsira mizu, chikachoka m'matumbo chimayamba chadutsa m'chiwindi chisanafalikire m'thupi lonse. Chiwindi ndicho chimaphwanya mankhwala ndi poizoni kuti zituluke m'thupi, chimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta, chimasunga shuga, komanso chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana munthu akavulala. Chifukwa cha ntchito imeneyi, chinthu choipa chimene munthu wamwa chimayambira kupweteka chiwindi, ndipo chiwalochi chimatha kuwonongeka kwa zaka zambiri mwini wake osamva ululu uliwonse. Uthenga uno ukufotokoza zimene akatswiri apeza pofufuza mankhwala azitsamba a ku China okhudza chiwindi, popeza mankhwala otere tsopano amagulitsidwa m'maiko ambiri, kuphatikizapo kwathu kuno, ali m'makapisozi, m'timapaketi ta tiyi ndi m'mabotolo olembedwa kuti amatsuka chiwindi.

Dziko la China lili ndi chifukwa chomveka chochitira kafukufuku wambiri pankhaniyi. Kafukufuku wa dziko lonselo wa mu 1992 anasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu khumi alionse anali ndi kachirombo ka hepatitis B, kamene kamatupitsa chiwindi, kuchiika zipsera mpaka kuuma, ndipo mwa ena kumayambitsa khansa. Dzikolo lilinso ndi mabuku akale kwambiri ofotokoza zitsamba ndi kagwiritsidwe kake, kotero akatswiri a sayansi anali ndi poyambira.

Pamene chomera chinasanduka mankhwala enieni

Palibe amene angatsutse kuti m'zomera muli mphamvu yochiritsa, ndipo umboni wake tili nawo m'zipatala zathu zomwe. Mu 1967 boma la China linayambitsa ntchito yofunafuna mankhwala atsopano a malungo, ndipo gulu lotsogozedwa ndi mayi Tu Youyou linapeza m'chomera chotchedwa qinghao, chimene akatswiri amati Artemisia annua, chinthu chopha tizirombo ta malungo chotchedwa artemisinin. Mayiyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Mankhwala a LA amene timalandira tikadwala malungo anachokera pa ntchito imeneyo.

Koma tione njira imene chomeracho chinadutsa. Akatswiri anapatula chinthu chimodzi chogwira ntchito pakati pa zinthu mazanamazana za m'masamba, anadziwa mulingo wake weniweni, anachiyesa pa nyama, kenako pa odwala ambiri, nkuona ubwino ndi kuipa kwake. Ndiye chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limavomereza mapiritsi ochokera ku artemisinin, koma silivomereza kuchiza malungo ndi tiyi wa masamba a chomera chomwecho, poti mphamvu ya masamba imasiyana malinga ndi dothi, nyengo yokolola ndi kasungidwe. Muyeso womwewu ndiwo uyenera kugwiritsidwa ntchito pa mankhwala alionse otchedwa a chiwindi.

Zimene zayesedwa pa chiwindi

Chomera chimene chafufuzidwa kwambiri ndi wu wei zi, kapena kuti Schisandra chinensis, chobala timbulu tofiira. Madokotala a ku China anaona kuti odwala omwa zipatsozi mulingo wa ALT m'magazi awo unkatsika. ALT ndi chinthu chimene chimakhala mkati mwa maselo a chiwindi, ndipo chimatayikira m'magazi maselowo akamawonongeka, choncho kuchipatala amachiyeza pofuna kudziwa ngati chiwindi chikupwetekedwa. Potengera zinthu za m'chipatsochi, akatswiri a ku Beijing anapanga mankhwala otchedwa bifendate, kenako ena otchedwa bicyclol, ndipo onse awiri amaperekedwa m'zipatala za ku China.

Apa mpamene pamafunika kumvetsetsa bwino, chifukwa ambiri amasocherera pomwepa. Bifendate amatsitsadi ALT, koma sapha kachirombo ka hepatitis B, ndipo mwa odwala ambiri ALT imakweranso akangosiya kumwa. Munthu atha kupita kukayezetsa, nambala nkutuluka yabwino, iye nkukondwera kuti wachira, pamene kachirombo kakupitiriza kuswana ndi kuika zipsera m'chiwindi. Zili ngati kutseka pakamwa galu amene akuuwa pamene wakuba akadali m'nyumba. Funso lofunika pa mankhwala alionse a chiwindi ndi lakuti, kodi amene amamwa amapewa kuuma kwa chiwindi, khansa ndi imfa kuposa amene samwa? Pa zitsamba zambiri funso limeneli silinayankhidwe mokhutiritsa.

Muzu wotsekemera wa gan cao, umene ena amaudziwa ndi dzina lakuti licorice, uli ndi chinthu chotchedwa glycyrrhizin chimene ku Japan ndi ku China akhala akubaya odwala matenda otupa chiwindi kwa zaka zambiri pofuna kuchepetsa kutupako. Nachonso sichichotsa kachirombo, ndipo chikachuluka m'thupi chimakweza kuthamanga kwa magazi, chimatupitsa miyendo ndi kuchepetsa mchere wa potaziyamu umene mtima umafuna kuti uzigunda bwino. Munthu wa BP kapena wa vuto la mtima ayenera kusamala nacho kwambiri.

Gulu la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zamankhwala, linaunika mu 2001 zoyesa zitsamba za ku China pa odwala hepatitis B, ndipo linapeza kuti zoyesa zambiri zinachitika mosatsata bwino ndondomeko, moti sizikanatheka kulimbikitsa chitsamba chilichonse potengera zimenezo. Tiyeneranso kudziwa kuti nkhani zambiri zimene timawerenga zakuti chomera chakutichakuti chateteza chiwindi zimachokera pa kuyesa makoswe kapena maselo osungidwa m'mbale ya mu labotale. Imeneyo ndi ntchito yofunika ndithu, koma ndi chiyambi chabe, ndipo zinthu zambiri zimene zimaoneka zodalirika pa makoswe zimalephera zikafika pa anthu.

Zitsamba zimene zinavulaza anthu

Mbali iyi ogulitsa saitchula, komabe ndi imene ili ndi umboni wolimba kwambiri, ndipo wambiri mwa umboniwo unasonkhanitsidwa ndi madokotala a ku China eni ake. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anaunika odwala oposa 25,000 m'zipatala 308 za m'dzikolo, amene chiwindi chawo chinapwetekedwa ndi mankhwala pakati pa 2012 ndi 2014. Pafupifupi odwala 27 mwa 100 alionse vuto lawo linachokera ku mankhwala azitsamba ndi zakumwa zoonjezera thanzi, kuposa mankhwala a TB amene anali pafupifupi 22 mwa 100.

Chitsamba chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi he shou wu, kapena kuti Polygonum multiflorum, chimene anthu amamwa pofuna kuletsa imvi, kumeretsa tsitsi ndi kuonjezera mphamvu. Ena akamwa kwa masabata angapo amayamba chikasu, mkodzo kuda ndi kufooka. Ambiri amachira akasiya, koma ena amwalira kapena anafunika kuwaika chiwindi china. Akatswiri apeza kuti vutoli limagwera makamaka anthu amene ali ndi chibadwa china chake m'maselo awo oteteza thupi, ndipo apa pali phunziro lalikulu. Mnzanu atha kumwa botolo lonse osaona vuto, inu nkugonekedwa m'chipatala ndi botolo lofanana nalo, choncho umboni wakuti uje anamwa ndipo ali bwino si chitetezo kwa inu.

Ngozi ina imabwera chifukwa chosokoneza zomera zofanana maina kapena maonekedwe. Ku China anthu ambiri avulala pomwa tu san qi, chomera chimene ena amadzala pakhomo nkumachiviika m'mowa poganiza kuti ndi chitsamba china chotchedwa san qi. Chomerachi chili ndi poizoni wotseka timitsempha ting'onoting'ono ta m'chiwindi, ndipo wodwala mimba imadzaza madzi, chiwindi nkutupa ndi kupweteka. Ku Brussels m'dziko la Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 amene ankamwa mapiritsi ochepetsa thupi anawonongeka impso chifukwa m'mapiritsimo munalowa chomera chotchedwa Aristolochia m'malo mwa chomera china chofanana nacho dzina m'Chitchaina, ndipo ena anadzadwala khansa ya m'njira ya mkodzo. Poizoni wake, wotchedwa aristolochic acid, ali m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, ndipo Taiwan inaletsa zitsamba zina zokhala ndi poizoniyu mu 2003. Mu 2017 akatswiri anapeza chizindikiro cha poizoniyu m'zotupa 76 mwa zotupa 98 za khansa ya chiwindi zimene anaziunika kuchokera ku Taiwan. Zimenezi pazokha sizikutanthauza kuti poizoniyu ndiye yekha anayambitsa khansazo, komabe ndi chifukwa chokwanira chopewera chomerachi kotheratu.

Ngakhale mankhwala opangidwa mwaukhondo ndi kulembedwa ndi dokotala atha kuvulaza. Ku Japan odwala chiwindi ambiri ankapatsidwa msakanizo wa zitsamba zisanu ndi ziwiri wochokera m'mabuku akale a ku China, umene kumeneko amati sho-saiko-to, mpaka mu 1996 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti anthu khumi anamwalira ndi kutupa kwa mapapo kogwirizana ndi mankhwalawo. Zimenezi zinadziwika chifukwa panali ndondomeko yolemba ndi kutsatira odwala. Botolo logulidwa pamsika kapena kudzera pa WhatsApp palibe amene amalitsatira. Ndipo vutoli si la zomera za ku China zokha, poti ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa muzu wa impila wapha anthu powononga chiwindi ndi impso.

Chimene chinachepetsadi matenda a chiwindi ku China

Kusintha kwakukulu m'dzikolo kunabwera ndi katemera. Boma linayamba kutemera makanda ku hepatitis B mu 1992, linaika katemerayo m'gulu la aulere mu 2002, ndipo pofika 2006 ana osakwana zaka zisanu okhala ndi kachiromboka anali ochepera mmodzi mwa 100. M'boma la Qidong, kumene khansa ya chiwindi inali yochuluka modabwitsa, anthu ankadya chimanga chochita chuku chokhala ndi poizoni wa aflatoxin. Atayamba kudya mpunga m'zaka za m'ma 1980, poizoniyu anachepa kwambiri m'magazi awo, ndipo imfa za khansa ya chiwindi zinatsika ngakhale pakati pa anthu amene sanalandire katemera.

Nkhani ya ku Qidong ikutikhudza ife kwambiri chifukwa chuku chimagwira chimanga ndi mtedza wathu tikazisunga zisanaume bwino kapena pamalo a chinyezi, ndipo kuphika sikupha poizoni wake. Mtedza wowola ndi wofota sitiyenera kuusinja nsinjiro poopa kutaya. Ku Malawi katemera wa hepatitis B wakhala akuperekedwa kusikelo kuyambira 2002, ali m'gulu la katemera wobayidwa mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14, choncho akuluakulu ambiri obadwa chisanafike chaka chimenecho sanatemeredwe. Kachiromboka kamafala kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, pogonana, pobwerekana masingano, komanso potema mphini ndi lumo limodzi anthu angapo.

Zoyenera kuchita ngati mukudera nkhawa chiwindi chanu

Chiwindi chabwino sichifuna kutsukidwa, ndipo chiwindi chodwala chimafuna kuti chimene chikuchidwalitsa chidziwike. Choyamba ndi kuyezetsa magazi. Hepatitis C, matenda ena a kachirombo otupitsa chiwindi, masiku ano amachiritsika ndi mapiritsi omwa masabata 8 mpaka 12. Hepatitis B satheratu mwa anthu ambiri, koma mankhwala a tenofovir ndi entecavir amapondereza kachiromboka ndi kuchepetsa chiopsezo cha kuuma kwa chiwindi ndi khansa. Likodzo la m'matumbo, limene limagwira anthu osamba ndi kuwedza m'nyanja ndi m'madambo, nalonso limaika zipsera m'chiwindi, ndipo mankhwala ake a praziquantel amapezeka m'zipatala. Amene amamwa kachasu kapena mowa wina mopitirira adziwe kuti palibe tiyi amene angabweze zimene mowa ukuwononga iwo akupitiriza kumwa.

Amene muli pa ma ARV, chonde musasiye mankhwala anu pofuna kuyesa zitsamba. M'mapiritsi amene ambiri amamwa muli tenofovir ndi lamivudine, amene amaponderezanso hepatitis B, ndipo munthu wokhala ndi tizirombo tonse tiwiri akasiya mwadzidzidzi chiwindi chake chitha kutupa koopsa. Amene muli pa mankhwala a TB, chiwindi chanu chili kale pantchito yolemetsa, ndipo kuonjezerapo zitsamba, mowa kapena panado wambiri kumakulitsa ngozi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asapatsidwe mankhwala amene zosakaniza zake sizikudziwika.

Mukaona maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi choyerera, kuyabwa thupi lonse, nseru yosatha kapena kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, siyani msanga zitsamba zimene mukumwa ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kutupa mimba, kusanza magazi, kugona kwambiri kapena kusokonezeka mutu ndi zizindikiro zakuti wodwala afunika thandizo mwachangu, ngakhale usiku. Tengani botolo, paketi kapena muzu umene wodwalayo amamwa, ndipo uzani adokotala zonse mosabisa, kuphatikizapo zimene munapatsidwa ndi asing'anga, tsiku limene munayamba ndi kuchuluka kwake. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, koma dokotala amene sakudziwa za zitsambazo atha kuganiza kuti olakwa ndi mankhwala a TB kapena ma ARV, nkuimitsa chithandizo chimene chikusunga moyo wa wodwalayo. Ngati mwapezeka ndi hepatitis B, pemphani kuti amuna kapena akazi anu, ana anu ndi abale obadwa nawo mimba imodzi ayezedwenso, ndipo mayi woyembekezera adziwitse anamwino a kusikelo msanga kuti akonze njira yotetezera mwana pobadwa.