Kusankha dzina la pa intaneti la pulogalamu yanu: mafunso ndi mayankho

Tiyerekeze kuti mwapanga pulogalamu youza alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke mitengo ya soya ndi nshawa. Ntchito yatha, chatsala ndi domain, dzina lomwe anthu adzalemba pofuna kukupezani.

Ndikalipira, dzinalo ndi langa mpaka kalekale?

Ayi. Zili ngati lendi ya shopu, mumalipira chaka ndi chaka. Pa .com mungalipiriretu zaka mpaka 10. Mukaiwala, webusaiti ndi imelo zimaima, ndipo nthawi yokudikirani ikatha wina aliyense akhoza kulitenga.

Nditenge .zm kapena .com?

Mayina othera ndi .zm amayang'aniridwa ndi ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti m'Zambia, ndipo amalonda amakonda .co.zm. Ngati makasitomala anu ndi a muno m'Zambia, tengani limeneli. Mayina abwino sanathe ngati mmene anathera pa .com, komanso munthu akaliona amadziwa kuti ndinu apakhomo. Koma ngati mukufuna kudzaoloka malire pa Mwami kukafika ku Mchinji ndi Lilongwe, ganizirani .com kapena .africa, yomwe inatsegulidwa mu 2017. Anyamata a makompyuta amathamangira .ai poganiza kuti ndi yapamwamba, chonsecho ndi ya kachilumba kotchedwa Anguilla, ndipo mtengo wake ndi wowawa.

Dzina la Chinyanja likhoza kutheka?

Likhoza, ndipo ine ndi lomwe ndimakonda, koma apa m'pamene pali minga. Dzina limalola zilembo, manambala ndi kamzere kapakati, osapitirira zilembo 63. Kachizindikiro ka mu "ng'ombe" sikaloledwa, ndiye mudzalemba ngombe. Mpata pakati pa mawu nawonso palibe.

Vuto lalikulu ndi kalembedwe kathu. Wophunzira sukulu kuno amalemba "cuma", wa ku Mchinji amalemba "chuma". Wina alemba "mlimi", wina "mulimi". L ndi r ndiye timangozisinthanitsa osazindikira n'komwe. Pa intaneti chilembo chimodzi chikasiyana, mwagogoda khomo la eni ake. Sankhani mawu amene salembedwa pawiri, apo ayi lipirani malembedwe onse awiri kuti onse azifikitsa anthu pamalo amodzi.

Musanalipire, pitani kumsika wa Kapata ku Chipata, tchulani dzinalo kamodzi kwa amayi ogulitsa tomato, muwapemphe kuti alilembe pafoni. Akafunsa kuti "mwati bwanji, bambo?", dziwani kuti likadzalengezedwa pa wailesi ya Breeze FM lidzasocheretsa anthu chimodzimodzi.

Ndinalembetsa kale bizinesi ku PACRA. Sizokwanira?

Ndi makomo awiri osiyana. PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, sikusungirani dzina pa intaneti, ndipo domain sikupatsani umwini wa dzina la bizinesi. Fufuzani konse kuwiri tsiku limodzi, muonenso ngati dzinalo lili lomasuka pa Facebook. Kubera dzina la kampani yodziwika musayese. Pa .com pali ndondomeko ya mu 1999 ya ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti padziko lonse, yolola mwini chizindikiro cha malonda kudandaula mpaka kukulandani.

Mnyamata wondipangira webusaiti akuti andilembetsera. Ndivomere?

Akuthandizeni, koma pamalo a mwini palembedwe dzina lanu kapena la kampani yanu, imelo ikhale yanu, pasiwedi muisunge nokha. Tsiku lomwe mudzasemphane pa ndalama, kapena iye akadzasamukira ku Lusaka n'kusintha nambala, kampani yogulitsa mayina a pa intaneti idzamvera yemwe ali m'kaundula. Muuzeni alembetse inu muli pompo, ndipo tsiku lodzalipiranso mulilembe pakalendala.