Malungo pa ulendo wautali: uthenga kwa banja loyenda ndi chikwama kumsana m'chigawo cha Tete

Uthenga uwu ndi wa inu awiri, bambo ndi mayi, amene mwasunga kandalama pang'ono ndipo mwapangana zoyenda miyezi ingapo m'chigawo cha Tete, katundu yense ali m'chikwama cha kumsana. Mwina mukunyamukira ku Ulongwe kapena ku Tsangano, mwina mwalowera pa Zobwe kuchokera ku Malawi. Mukufuna kuoloka mlatho wa Samora Machel mumzinda wa Tete, kukwera ku Songo kukaona damu la Cahora Bassa, ndipo ndalama zikalola, kukafika ku Zumbo kumene Luangwa amathira mu Zambezi, kapena kutsikira ku Mutarara pa mlatho wa Dona Ana. Mudzakwera chapa (minibasi), lole, njinga yamoto ndi bwato. Mudzagona m'nyumba za alendo zotchipa, kwa achibale, nthawi zina padepoti penipeni podikira galimoto ya m'bandakucha.

Munthu woyenda ndi ndalama zochepa amazolowera kumana thupi lake: chakudya kamodzi patsiku, chipinda chotchipitsitsa, kuyenda wapansi pamene ena akukwera. Zonsezo mukhoza kupirira. Koma pali zinthu ziwiri zimene tikukupemphani kuti musadzimane ngakhale thumba litapepuka chotani: kugona m'masikito usiku uliwonse, ndi kuyezetsa magazi tsiku lomwelo limene thupi latentha.

Malungo a kuno si a masewera

Malungo alipo m'maboma onse a chigawo chino, kumapiri a Angonia ndi Macanga ngakhalenso m'chigwa cha Zambezi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2023 anthu pafupifupi 263 miliyoni anadwala malungo, ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira, ochuluka zedi mwa iwo kuno ku Africa. Mozambique ali m'gulu la maiko ochepa amene amasenza gawo lalikulu la odwalawa. Kachilombo kofala kwathu kuno, Plasmodium falciparum, ndi kaja koopsa kuposa tinzake tonse: munthu akapanda kulandira mankhwala m'maola 24, matenda akhoza kukula mpaka kupha.

Kachilomboka kamalowa m'thupi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma munthu, ndipo udzudzu umenewu umagwira ntchito yake kuyambira chisisira mpaka m'bandakucha. Kakalowa, kamayamba kabisala m'chiwindi n'kumaswana, munthu osamva kanthu. Pakatha sabata kapena kuposerapo, tizilombo timatulukira m'magazi n'kumaswa maselo ofiira, ndipo apa ndi pamene kuzizidwa, litsipa ndi kuphwanya m'thupi zimayamba, kawirikawiri masiku 10 mpaka 15 chilumidwire. Kwa munthu wa paulendo zimenezi n'zofunika kuzimvetsa. Udzudzu wakulumani ku Chitima, inu mudzadwalira ku Fingoe. Choncho mawu akuti "kuno kulibe udzudzu, sangakhale malungo" alibe ntchito.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi masabata otsatira mvula itangosiya. Koma m'mbali mwa Zambezi, Revubwe ndi nyanja ya Cahora Bassa, komanso m'madimba, madzi odikha satheratu ngakhale m'chilimwe, ndipo malo amenewa ndi omwe apaulendo amakonda kugona.

Amene anakulira kumalo a malungo amakhala ndi chitetezo pang'ono m'thupi, koma sichokwanira, ndipo chimachepa munthu akakhala zaka kumalo opanda malungo monga ku Johannesburg. Ngati mmodzi wa inu ndi wotero, kapena ndi mlendo wochokera kunja, akaonane ndi dokotala ulendo usanayambe. Alipo mapiritsi oteteza amene amamwedwa ulendo wonse, monga doxycycline, mefloquine ndi atovaquone-proguanil, koma wosankha ndi dokotala. Doxycycline saloledwa kwa mayi woyembekezera.

Masikito m'chikwama

Musadalire kuti kumene mukupita mukapeza masikito. Zipinda zotchipa zambiri zilibe, ndipo zimene zili nawo, nthawi zambiri amakhala obooka kapena akuda ndi fumbi, mankhwala anatha kalekale. Nyamulani anuanu, aja onyikidwa kale m'mankhwala, aakulu okwanira anthu awiri. Akapindidwa bwino amalowa pansi pa chikwama, ndipo salemera kuposa nsapato. Pamodzi ndi masikitowo ikani chingwe chachitali ndithu, singano ndi ulusi.

Chingwecho ndiye chimapulumutsa. Mwafika m'chipinda, denga n'lamalata, palibe pokoleka paliponse. Mangani nsonga imodzi ku zitsulo za pawindo, ina pa msomali wa kuseri kwa chitseko kapena pa mtanda wa denga, kenaka kolekani makona a masikito pa chingwecho. Chitani zimenezi kukadali kowala, musanapite kukafuna chakudya, chifukwa pobwera mudzakhala mutatopa ndipo magetsi akhoza kukhala atathima. M'mphepete monse pisani pansi pa matilesi kapena mphasa. Mukalowa, unikani m'kati ndi tochi ya pafoni, makamaka m'makona a pamwamba, kuti muone ngati simunalowe ndi udzudzu. Gonani pakati, mkono kapena bondo lisatsamire masikito, poti udzudzu umaluma ngakhale uli kunja. Kabowo kakaoneka, sokani tsiku lomwelo. Pochapa gwiritsani sopo wamba ndi madzi ozizira, ndipo yanikani pamthunzi.

Chiyeso chachikulu ndi kutentha. Mzinda wa Tete uli pansi, osafika mamita 200 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Ulongwe ali pamwamba kupitirira mamita 1,000. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa kumapitirira madigiri 40, ndipo usiku m'chipinda cha malata simugoneka. Anthu amatulutsa mphasa pabwalo, ndipo inunso mudzafuna kutero. Palibe cholakwa kugona panja, bola masikito atuluke nanu. Amangeni pa nsanamira za khonde, pa mtengo, ngakhale pa timitengo tinayi tozika pansi. Usiku umodzi wokha wonena kuti "lero kwatentha kwambiri, tigone chonchi" ndi wokwanira kuti mudwale malungo.

Maola a madzulo, pamene mukucheza panja kapena kudikira galimoto, valani zofika m'manja ndi m'miyendo, mayi afunde chitenje mpaka kumapazi, poti udzudzu umakonda akakolo. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amapezeka m'mafamasi a m'tauni, ndipo ndi bwino kugula musanalowere kumidzi.

Thupi likatentha

Apa ndi pamene apaulendo ambiri amalakwitsa, ndipo cholakwacho chimayamba ndi mawu ooneka anzeru. Mwayenda tsiku lonse padzuwa, mwakhala maola ambiri mothinana mu chapa, madzulo bambo mutu ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya. Mayi akufunsa, bambo akuti: "Ndi dzuwa chabe ili, mayi, ndimwa Panado, mawa tipitirira." Panado amatsitsa kutentha kwa maola ochepa, munthu amadzuka ali bwinoko, chikwama kumsana. Koma tizilombo m'magazi tikupitiriza kuswana, ndipo chapa ija ikukutengerani kutali ndi chipatala.

N'zoona kuti dzuwa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zimabweretsa litsipa ndi kufooka. N'zoonanso kuti si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo: kukhoza kukhala taifodi, chibayo kapena matenda a m'njira ya mkodzo. Ndiye chifukwa chake kuyezetsa kuli kofunika. Ndi maso palibe amene angasiyanitse, ngakhale dokotala.

Kuyezako n'kwachangu. Wazaumoyo amapukuta chala, amabaya pang'ono, amadontheza kadontho ka magazi pa kachipangizo kapulasitiki n'kuthirapo timadzi take. Pakatha mphindi 15 kapena 20 mizere imaoneka. Zimenezi zimachitika pa zipatala zazing'ono za boma, zija zolembedwa kuti centro de saúde, ndipo m'midzi yakutali muli alangizi a zaumoyo a m'mudzi, amene ambiri amawadziwa kuti ma APE, ophunzitsidwa kuyeza ndi kupereka mankhwala a malungo. Mukafika pamalo atsopano, funsani eni mudzi tsiku loyamba, mukadali bwino, kuti chipatala chili kuti, n'kutali bwanji, ndipo amene ali ndi njinga yamoto yonyamula odwala usiku ndani.

Akakupezani ndi malungo, mankhwala ake ndi artemether-lumefantrine. Ku Mozambique ambiri amati Coartem, ku Malawi amati LA, koma ndi amodzimodzi. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: koyamba nthawi yomweyo, kachiwiri pakatha maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatirawo. Imwani mutadya chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga mkaka, mtedza kapena ndiwo zotendera, chifukwa mafutawo amathandiza kuti mankhwala alowe bwino m'magazi. Mukasanza pasanathe mphindi 30, mankhwalawo atuluka: bwererani kwa wazaumoyo akupatseni ena.

Tsiku lachiwiri mudzamva bwino, ndipo maganizo osunga mapiritsi otsala "kuti adzathandize mnzanga kutsogoloku" adzabwera. Musatero. Tizilombo totsala timayambiranso, ndipo paketi yoduka pakati sichiritsa aliyense mwa inu. Musagulenso mapiritsi a malungo pamsika kapena m'kagolosale, kumene akhala padzuwa ndipo simudziwa kumene achokera. Ndipo khalani pamalo amodzi masiku atatuwo. Kulipira chipinda masiku atatu n'kotchipa poyerekeza ndi kubwereka galimoto pakati pa usiku.

Chinthu china chimene apaulendo ayenera kudziwa: kachipangizo koyezera mwachangu kakhoza kuonetsabe mizere iwiri, kusonyeza malungo, kwa masabata angapo munthu atachira kale. Mukadwalanso kutsogolo, uzani wazaumoyo tsiku limene munamwa Coartem, kuti ngati n'kotheka ayeze ndi makina oonera tizilombo. Lembani masikuwo m'kabuku.

Muli awiri, yang'aniranani

Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Malungo akakula amasokoneza mutu, ndipo wodwalayo ndiye womaliza kuzindikira kuti zafika poipa. Wathanziyo ndiye ayenera kulamula, kaya ndi mayi kaya ndi bambo, ndipo pangananitu zimenezi musananyamuke. Thamangani naye kuchipatala, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi: akuyankhula zosamveka kapena sakukuzindikirani, akugona kosadzutsika, wakomoka kapena akugwedezeka, akusanza chilichonse, akulephera kukhala tsonga kapena kuimirira, akupuma mobanika, maso achita chikasu, zikhatho ndi m'zikope mwayera, mkodzo wada kapena wasiya kutuluka. Malungo aakulu safuna mapiritsi, amafuna jakisoni wa artesunate ndi kugonekedwa. Zipatala zazikulu zili ku Tete, ku Ulongwe, ku Songo ndi ku Mutarara, koma yambani pa chapafupi, iwo ndiwo adzakutumizani. Ndalama ya galimoto ya tsiku loterolo ikhale yakeyake, yosokeredwa m'chikwama, yosakhudzidwa ngakhale nsomba za Chicoa zitanunkhira chotani.

Pa miyezi yonseyi mayi akhoza kuima. Mwezi ukadumpha, yezetsani msanga, chifukwa mimba imachepetsa chitetezo cha thupi ku malungo. Tizilombo timadzaza m'nsengwa, ndipo zotsatira zake ndi kuchepa kwa magazi, kupita padera, kapena mwana wobadwa wochepa thupi, nthawi zina mayi osatentha thupi n'komwe. Kusikelo amapereka Fansidar woteteza kuyambira sabata ya 13 ya mimba, motalikana mwezi, kosachepera katatu. Sikelo mukhoza kuyambira pa chipatala chilichonse cha panjira, khadi n'kumayenda nalo. Mayi amene akumwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV samwa Fansidar, choncho nenani zonse zimene mukumwa. Kunena zoona, mimba ikadziwika, ife tingakonde kuti ulendo wa kumalo akutali ngati Zumbo muuimike kaye. Ndipo amene ali pa ma ARV kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku akambirane ndi chipatala chake asananyamuke za mmene adzapezere okwanira miyezi yonse.

Madzi

Za madzi tinena mwachidule. Chigawo chino chakhala chikuvutika ndi kolera, makamaka m'dzinja. Madzi akumwa awiritseni kapena thiranimo mankhwala oyeretsa madzi a Certeza motsatira zolembedwa pabotolo, sambani m'manja ndi sopo, idyani chakudya chikadali chamoto. Nyamulani mapaketi a ORS: paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha kukayamba, yambani kumwa ORS muli panjira yopita kuchipatala.

Kutentha kudzakukokerani kumtsinje. Kupatula ng'ona ndi mvuu, m'madzi odikha a m'mphepete muli nkhono zotulutsa tizilombo ta likodzo, timene timaboola khungu munthu akusamba kapena kuchapa. Tungani madzi mukasambire kumtunda, mutawatenthetsa kapena kuwasiya m'ndowa masiku awiri.

Mukabwerera kwanu

Udzudzu wa usiku womaliza wa ulendo udzakudwalitsani muli kale kunyumba, pamene masikito apindidwa ndipo aliyense akuganiza kuti zatha. Thupi likatentha m'masabata kapena miyezi yotsatira, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo mutchule malo onse amene munagonako, makamaka ngati mwabwerera kudziko kumene madokotala saona malungo kawirikawiri. Ngati munalowapo m'madzi a Zambezi kapena a Cahora Bassa, pakatha miyezi iwiri kapena itatu kayezetseninso likodzo nonse awiri, ngakhale mkodzo ulibe magazi. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo muyeso wake amautengera kulemera kapena kutalika kwa munthu, choncho mukalandire kuchipatala.