Kamene mwajambula pa duwa la nthochi kaja si hummingbird

Sabata yathayi bambo wina wa cha ku Chitakale wanditumizira kavidiyo pa WhatsApp, kambalame kowala kakuyamwa duwa la nthochi kuseri kwa khitchini, nde walemba kuti "achimwene taonani hummingbird yafika kwathu". Mafunso oterewa ndimawalandira pafupipafupi pa ntchito yangayi yoyenda ndi alendo oona mbalame ku Likhubula ndi m'phiri la Mulanje muno, ndipo yankho silisintha: kameneko ndi kachoso kathu konkuno, kamene azungu amati sunbird. Hummingbird mu Africa muno mulibe. Mitundu yake yoposa 300 yonse ili ku America basi, kuchokera ku Alaska kumpoto mpaka ku Tierra del Fuego kumapeto kwenikweni kummwera.

Sindikunena izi kuti ndikugwetseni mphwayi ayi. Tiwiriti timafanana zedi, tonse milomo yaitali, tonse timakhalira timadzi totsekemera ta m'maluwa, koma si pachibale. Achibale a hummingbird ndi ma swift aja ooneka ngati anamzeze amene amazungulira m'matanthwe a Chambe. Kusiyanitsa kwake nkosavuta, yang'anani miyendo. Kachoso kamatera pa nthambi kapena pa duwa pomwepo nkumayamwa kali phee, kakati kaime m'malere ndi kwa kanthawi kochepa chabe. Hummingbird timiyendo take ntofooka moti sikatha kuyenda pansi, kamadya kali m'malere, kataima malo amodzi.

Mtundu womwe ine umandigwira mtima ndi wa ruby-throated, dzina la sayansi Archilochus colubris. Kamaswana kum'mawa kwa United States ndi kummwera kwa Canada. Kulemera kwake ndi magalamu atatu kapena kupitirirako pang'ono, ndiye kuti kasupuni kakang'ono ka shuga kamene mumathira mu tiyi m'mawa kakhoza kukaposa kulemera. Mapiko amakupiza ka 50 ndi kupitirira pa sekondi imodzi, nchifukwa chake kakamadutsa mumangomva kulira ngati njuchi yaikulu, ndipo sikakupiza mmwamba ndi pansi ngati nkhunda ayi, phiko limazungulira paphewa nkumalemba nambala 8 yogona, nde mphepo imakanyamula popita phiko kutsogolo komanso pobwerera. Pamenepo mpamene pagona luso loima malo amodzi ngakhalenso kuuluka chobwerera m'mbuyo.

Koma kuuluka kotereku kumadya mphamvu koopsa, ndipo mukamvetsa chimenechi mwamvetsa moyo wonse wa kambalameka. Mtima wake ukakhala pa ntchito umagunda kufika ka 1,200 pa mphindi, pomwe wanu ndi wanga uli pa 70 kapena 80. Injini yothamanga choncho ili ndi thanki yaing'ono, nde tsiku lonse kamangokhalira kudya, mphindi zingapo kenako duwa lina, ndipo pofika madzulo timadzi timene kamwa timaposa kulemera kwa thupi lake. Nthawi zonse njala ili pakhomo. Ndewu zakenso zimachokera pomwepo, katambala kakapeza chitsamba cha maluwa kamachilondera ngati munda, kubwere mnzake, kubwere njuchi, kamathamangitsa. Anthu amati nkankhanza koma ine ndimaona kuti kakuteteza chakudya cha ola likubwerali.

Shuga yekha sangamange thupi, nde kamagwiranso tizilombo touluka ndi tiakangaude, makamaka kamake kakamadyetsa ana. Komanso kakafika kumpoto maluwa asanachuluke kamatsatira gogomole wa kumeneko wotchedwa sapsucker amene amaboola timabowo pa mitengo, iko nkumamwa madzi otsekemera otuluka pamenepo.

Za lilime ndiye kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti timadzi timangokwera tokha m'lilime ngati momwe palafini amakwerera chingwe cha koloboyi. Mu 2011 Alejandro Rico-Guevara ndi Margaret Rubega a ku University of Connecticut anajambula ndi makamera othamanga kwambiri nkuona zina: nsonga ya lilime ndi yamphanda, ikalowa m'timadzi imatseguka, ikamatuluka imatsekeka nkutsekera timadzito mkati. Ndipo zimenezi zikuchitika kopitirira ka 10 pa sekondi.

Nanga usiku, poti sikangadye? Apa ndimakonda kufotokoza ndi chiperoni chathuchi. Ganizani usiku wa mu Julaye, nkhungu yatsika m'minda ya tiyi, kamvula kowaza kosaleka, inu mwafunda mabulangete awiri. Kambalame ka magalamu atatu pa usiku wozizira choncho katati kasunge thupi lake pa madigiri 40 mpaka m'mawa, mafuta angathe kusanache. Nde kamazimitsa injini dala. Kamatera pa nthambi, nthenga nyankhalala, thupi nkuzizira, mtima nkutsika kwambiri, kupuma mwa apo ndi apo, moti mutakapeza mungati kafa. Kukamacha kamayamba kunjenjemera mpaka kutenthanso, kenako ulendo wa ku maluwa. Ku mapiri a Andes ku Peru, pamalo okwera kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002, ofufuza anayeza mtundu wina wotchedwa black metaltail thupi lake litatsika kufika madigiri 3.3, m'mawa nkudzuka bwinobwino. Zimenezi anazilengeza mu 2020, ine mpaka lero ndikaziganiza ndimagwira pakamwa.

Ulendo wake ndi umene umandimaliza. Kumpoto kukayamba kuzizira cha mu Seputembala, ka ruby-throated kamapita ku Mexico ndi ku Central America, ena mpaka Costa Rica ndi Panama. Kasananyamuke kamadya modzikhutitsa mpaka thupi kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri, mafuta okhaokha. Tina timatsata gombe kudzera ku Texas, koma tina timalunjika pamwamba pa nyanja ya Gulf of Mexico, makilomita pafupifupi 800 popanda potera, maola cha m'ma 20 kakukupiza basi. Mtunda umenewo ukuposa wa pamsewu kuchoka pa Chitakale kukafika ku Mzuzu. Ndipo sikayenda pagulu ngati akakowa, kalikonse kokha, ngakhale kamwana koswedwa chaka chomwecho kamene sikanaoneko njirayo.

Kufiira kwa pakhosi kuli ndi katambala kokha, ndipo si utoto ayi, ndi mmene nthengazo zinapangidwira kuti zizibweza kuwala. Kakatembenuka pang'ono khosi limaoneka lakuda, kakayang'ana kudzuwa limayaka psuu. Tichoso tathu timachitanso chimodzimodzi, mukaone ka chifuwa chofiira kaja m'mawa dzuwa likamatuluka. Pofunsira katambala kamakwera nkutsika mwaliwiro molemba chilembo cha U pamaso pa kathazi, zikatheka kamachoka osabweranso. Chisa, mazira, ana, zonse ndi za mayi. Chisacho nchaching'ono ngati theka la chikhokhombe cha dzira la nkhuku, amachimanga ndi tiubweya ta zomera nkumanga ndi ulusi wa kangaude, kunja nkumata ndere za pa mitengo kuti chizioneka ngati mfundo ya nthambi. Ulusi wa kangaudewo umatamuka, nde ana akamakula chisa chimakula nawo. Mazira awiri okha, aang'ono ngati nyemba, kufungatira pafupifupi masabata awiri, ana kutuluka m'chisa patatha pafupifupi masabata atatu.

Pali chinanso chimasokoneza anthu kuno. Chakumadzulo dzuwa likamalowa mumaona kanthu kataima m'malere pa duwa, mapiko osaoneka, kakulowetsa chinthu chachitali m'duwamo. Ameneyo ndi gulugufe wausiku wa mtundu wa hawk moth, chachitalicho si mlomo wa mbalame koma kachitamba kake, ndipo mukayang'anitsitsa muona tinyanga pamutu.

Bambo wa ku Chitakale uja ndinamuyankha kuti asadule duwa la nthochilo msanga, komanso asapopere mankhwala pa maluwa a pakhomo chifukwa tizilombo ndi akangaude ndi chakudya cha kachosoko, ndipo nakonso kamamangira chisa chake cholendewera ndi ulusi womwewo wa kangaude. Ndinamupemphanso alankhule ndi anyamata a malegeni a pamudzipo. Kambalame kameneka nyama yake sikwana nkulawa komwe, koma kakamayenda duwa ndi duwa kamanyamula mungu pamphumi. Dzulo wanditumiziranso kavidiyo kena, tsopano tikubwera tiwiri, kowala kaja ndi kena kotuwa, ndamuuza kuti kotuwako ndi kakazi kake, ayang'ane bwino m'zitsamba za pafupi mwina chisa chilipo.