Ku Bath kulibe parishi, koma zinyalala zimatoledwa

Anthu ambiri, makamaka ongofika kumene ku England, akamva zoti dera lakutilakuti lilibe parishi amaganiza kuti ndi malo osiyidwa, opanda boma lowayang'anira, mwinanso opanda tchalitchi. Zonsezi si zoona.

Makhonsolo a parishi si a mpingo ayi. Lamulo la 1894 linawachotsa m'manja mwa tchalitchi n'kuwasandutsa gawo lotsikitsitsa la boma laling'ono, ndipo ntchito zawo n'zazing'ono: mabwalo osewerera ana, timinda tobwereketsa, mabenchi, holo ya mudzi. Misewu, sukulu ndi zinyalala zili m'manja mwa makhonsolo akuluakulu, kaya parishi ilipo kaya palibe.

Nanga madera opanda parishiwa anabwera bwanji? Ambiri ndi matauni akale omwe anali ndi makhonsolo awoawo. Pakusintha kwa 1974 makhonsolowo anathetsedwa, matauni n'kulowetsedwa m'zigawo zikuluzikulu, koma sanapatsidwe parishi. Bath ndi umodzi mwa mizinda yopanda parishi, ngakhale kuti khonsolo yake inathetsedwa pambuyo pake, mu 1996. Uli pansi pa khonsolo ya Bath and North East Somerset, ndipo meya wake amasankhidwa pakati pa makhansala a mumzindawo kuti mwambo usafe basi.

London inataya maparishi ake mu 1965, lamulo n'kudzawalolanso mu 2007. Dera la Queen's Park, mu London momwemo, ndi lomwe linayamba kukhazikitsa khonsolo yake mu 2014.

Kunena zoona, anthu ena safuna n'komwe parishi, chifukwa ikabwera imawonjezera kandalama kake pamsonkho wa nyumba.