Phiri la Mulanje Silidzaphulika ndi Moto

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinakokoloka m'mapiri a ku Mulanje ndi Phalombe, mphekesera yakhala ikuyenda pa WhatsApp yakuti phiri la Mulanje lili ndi moto m'kati ndipo posachedwa liphulika. Nkhaniyi ndi yabodza, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ikuopseza anthu amene anataya kale abale awo.

Zoona zake n'zakuti thanthwe la phirili linachokeradi ku chiphala chotentha, koma chiphalacho chinazirala pang'onopang'ono pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, n'chifukwa chake mukaswa mwala wa kumeneko mumaona timibulu tikuluukulu tonyezimira. Mvula ndi mitsinje zinaperesa miyala yofewa imene inali pamwamba, thanthwe lolimbalo n'kutsala poyera mpaka pa nsonga ya Sapitwa, mamita 3,002.

Chimene ambiri amachitcha napolo ndi madzi: dothi la pamtsetse likakhuta mvula ya masiku angapo limalemera, limaterereka, n'kukoka miyala, monga zinachitikira ku Phalombe mu 1991. Mapiri amoto amene tayandikana nawo ali ku Rungwe m'dziko la Tanzania, kumpoto kwa nyanja ya Malawi, m'chigwa chimene nthaka ikung'ambika mamilimita ochepa chabe pachaka.